Nyimbo Yopanda Besi

Dornbrunn, 6 Okutobala 1651

Iwe Valentin,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi andilamula kuti ndikupatse. Ndikhulupirira uli bwino ku Falkenroda, ukudya mkate woyera wa kwa kalonga n'kumanenepa. Ife kuno tilipo, koma Amayi chifuwa chija chawagwetsa. Chikololereni tirigu sanatsikenso pabedi, ndipo miyendo yatupa ngati mtanda wa mkate.

Bokosi lawo akhometsa kale, lili m'khola, poti ng'ombe tilibe. Nsalu yodzawakulungira asoka okha. Chatsala n'chimodzi ndipo n'chako: nyimbo ya maliro awo. Akuti akazi a mabwana amasankha mawu akadali moyo, wolemba nyimbo n'kuwaikira manotsi, iwo n'kuimvera ali khale pampando, kuti adziwiretu chimene chidzamveke pamwamba pa bokosi lawo. Akuti, "Ine ndinabala wolemba nyimbo, ndachepa pati?" Akufuna aimve ndi makutu awo asanatsinzine.

Abusa atsopano anabwera kudzawawerengera mavesi otonthoza kuti asankhepo. Amayi anatembenukira kukhoma mpaka munthu wa Mulungu anatola chipewa chake. Mawu apeka okha, ndipo ndi awa:

Ndinakuitanani, Ambuye, munali kuti?
Anayatsa denga langa, munali kuti?
Ndinaika asanu m'nthaka ndi manja awa,
munali kuti?

Usandiuze zoti watanganidwa. Tinamva kwa wogulitsa mchere kuti unalemba chinyimbo cha makwaya awiri tsiku limene mdzukulu wa kalonga anamera dzino. Ngati dzino lipeza nyimbo, mayi ako sangaisowe.

Ulembere anthu amene nkhondo inatisiyira: Kilian wosula zitsulo pa besi, Jobst wa kuchigayo pa tena, aphunzitsi a Eberlein ndi kamawu kawo ka alito, ine pamwamba, poti ana a sukulu odziwa kuimba kulibenso. Limba usaliwerengere. Mwina unaiwala kuti mipope yake asilikali anasungunula n'kupangira zipolopolo, moti lero mumangokhala mbewa.

Yankha msanga. Munthu amene wasoka kale nsalu yake sadikira nthawi yaitali.

Ndine mlongo wako,
Ottilia


Falkenroda, 23 Okutobala 1651

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wanga, ndipo mundigwirire Amayi dzanja. Nkhani ya matenda awo yandisowetsa mtendere. Muwapatse msuzi wa nkhuku, ndipo zenera la kumpoto lija mulitseke ndi udzu. Za dzino zija ndi bodza la wamchere, unali ubatizo.

Nyimbo ndalemba, mapepala ake anayi ndi awa, aliyense lake. Koma musandikwiyire, mawu ndasintha. Achemwali, inu ndinu mwana wa mphunzitsi ngati ine, mukudziwa mmene zinthu zimayendera. Chilichonse chokhala ndi dzina langa akuluakulu a mpingo amachinunkhiza. Zikamveka kuti woimbitsa kwaya wa kalonga waika mkazi wachikhristu pamanda otsegula akuimba Mulungu mlandu, ine ntchito yatha. Izo zilibe kanthu. Chimene ndikuopa n'choti abusa akhoza kukaniza belu, anthu n'kumati Mayi Walpurga anafa osalapa. Kodi mukufuna aikidwe mwakachetechete ngati munthu wodzimangirira?

Ndaika mawu akuti, "Ndagona mumtendere, Ambuye, m'manja mwanu." Mudzamva nokha: mawu onse anayi amatsika pang'onopang'ono, osagundana pena paliponse, monga mmene mayi amagonekera khanda. Ndinaiyesa ndi oimba athu kuno, mkazi wina wosesa m'tchalitchi anasiya tsache n'kuyamba kulira.

Zimene Amayi anenazo ndi ululu wa matenda chabe. Akamva nyimboyi mtima ukhala pansi. Mundiuze mmene ailandirira, ndiponso ngati mtengo wa mapeyala wa Atate unabereka chaka chino.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Valentin


Dornbrunn, 12 Novembala 1651

Valentin,

Moni. Mapeyala anabereka, tinadya. Nyimbo yako tinaimba Lamlungu masana m'chipinda cha Amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ottilia, mbaula yazima, yatsira timapepalato." Ndinayatsiradi, ndipo anayaka bwino. Zotsatirazi ndi zawo. Andiuza kuti ndikasintha liwu limodzi adzandizukira.

"Valentin mwana wanga, ndine mayi ako. Nyimbo yako ndaimva. Ndi yabwino kugonekera mphaka. Ine ndinapempha uchi kodi?

"Utabwera kuchokera kwa mphunzitsi wako wa kumwera uja, unakhala pabenchi ili pano, mkate uli kukamwa, n'kumandiuza kuti nyimbo zatsopano sizili ngati zakale zongoyenda ndondondo ngati ng'ombe zapagoli. Unati mawu akanena za kugwa, oimba amagwadi. Akanena za misozi, manotsi amadontha limodzilimodzi. Akanena za ululu, mawu awiri amakhulana mpaka womvera mano kuchita dzanzi. Ndinati mumtima, mwanayu sanapite pachabe. Lero ndikufunsa, nyimbo zakozo zimadziwa kulira kokha, kukwiya sizidziwa?

"Ukuti ndi ululu wa matenda. Matenda ake ati? Veit asilikali anamubaya pakhomo pa khola akukaniza ng'ombe. Margret anapita naye asilikali, tinakamupeza kumtsinje. Lorenz ndi Sibylla mliri unawatenga sabata imodzi, Ottilia ndi ine tinawakoka pachitseko kupita nawo kumanda chifukwa panalibe mwamuna wonyamula. Endres anafera pabere langa chaka cha njala, bere lili gwa. Atate ako sindikuwawerengera, anali atadyako zaka zawo. Nthawi yonseyo iwe unali kutali ukuphunzira manotsi. Sindikukuda nazo, ndine ndinakuthawitsa. Koma usandiphunzitse za mtendere.

"Ukuopa kuti adzati ndinasiya Mulungu. Zopusa! Munthu amene unamusiya sulimbana naye. Lamlungu lililonse ndinkakhala pampando wanga m'tchalitchi chopanda limba chija, kumuyang'ana, iye osanena kanthu. Tsopano ndikupita kwawo, ndipo ndikufuna ndikalowe pakhomo pake funso langa lili kukamwa. Belu akafuna asaimbe, ndinamva mabelu okwanira.

"Ngati ukuopa akuluakulu ako, usalembepo dzina. Ngati ukuopa Mulungu, musiye, ndikalankhula naye ndine. Ngati sungathe, nena, Kilian andimenyera nyundo pachitsulo, bola iyo siinama."

Atha pamenepo, atopa. Ine ndilibe choonjezera.

Ottilia


Falkenroda, 26 Novembala 1651

Achemwali,

Moni wake ndi womwewo. Mwandiwotchera ntchito yanga, ndiye mukundiuza monyadira kuti inayaka bwino. Zikomo.

Inu ndi Amayi mumalankhula ngati ine ndinabadwa ndekha kumtengo. Veit anali mkulu wanga, ndiye anandisemera chitoliro choyamba. Imfa yake ndinaimva pamsika, kwa munthu wogulitsa zikopa, pakati pa nkhani ya mitengo ya nsapato. Sibylla ndinamusiya akukwawa, nkhope yake sindiikumbuka n'komwe. Inu munakoka chitseko, inde. Ine ndinalibe ngakhale chitseko choti ndikoke. Ndinalemba nyimbo yofatsa ija chifukwa ndikaiyamba inayo ndinkalephera kuipitiriza, osati chifukwa cha mkate woyera.

Koma mwaifuna, nayi. Mawu a Amayi sindinachotsepo ngakhale limodzi. "Munali kuti" amabwera katatu, ulendo uliwonse mokwera kuposa poyamba, moti wachitatuwo, Achemwali, mudzachita kukuwa. Musaukometse. Pa mawu akuti "asanu", inu ndi aphunzitsi mudzagundana, mawu anu adzakhulana, ndipo a Eberlein adzaganiza kuti ndalakwitsa n'kufuna kukonza. Muwaponde phazi. Jobst adzabwereza "manja awa, manja awa" pansi panu ngati munthu wokumba.

Mapepala ndatumiza atatu okha. Mudzaona kuti likatha funso lililonse pali zizindikiro zopumira zambiri, nonse atatu chete. Mmenemo ndi mwa besi. Mukudziwa kuti m'nyimbo za m'tchalitchi besi ndiye amanyamula mawu a Ambuye. Iye adzayankha kuti, "Ndinali pomwepo. M'moto ndinalimo, m'dzenje ndinalimo. Asanu ako ali ndi ine." Funso lawo ndawapatsa lonse, koma funso lopanda yankho ine sindilemba, kaya mbaula yanu ili ndi njala bwanji.

Pepala la besi latsala kuno. Kilian amaimba ngati akukalipira kavalo wokana nsapato, ndipo mawu amenewa sindimupatsa. Ndibwera nalo ndekha Lamlungu lachiwiri la nyengo yodikira Khirisimasi, ndidzaimbe ndekha pafupi ndi bedi lawo. Inu phunzirani mbali zanu, muwerenge zopumirazo mosamala. Ndipo chonde musawauze Amayi za yankholo. Ndikufuna alimve koyamba kuchokera pakamwa panga.

Valentin


Dornbrunn, 9 Disembala 1651

Valentin,

Moni ndilibe. Lamlungu lako lapita. Ndinapha tsekwe womaliza, Jobst anakaima kumlatho mpaka zala kuuma, iwe osaoneka.

Mbali zathu taphunzira, timakaimbira kuchigayo kuti Amayi asamve. Ndi nyimbo yoopsa, ndikuvomera, aphunzitsi amatuluka thukuta m'chisanu chino. Koma Amayi asiya kudya. Amangonyowetsa milomo ndi mowa wofunditsa, ndipo aliyense akatsegula chitseko amafunsa kuti, "Yafika?" Sakufunsa za iwe, usadzinamize. Akufunsa za nyimbo.

Tumiza pepalalo lero lomwe. Kilian anamva zimene unanena za kavalo, anatukwana mpaka mkazi wake anatseka makutu, komabe akuti aimba. Mawu a Ambuye atuluke m'kamwa mwa wosula zitsulo, vuto lili pati? Iwe ndi kunyada kwakoko mudzabwera pambuyo.

Ottilia


Falkenroda, 21 Disembala 1651

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza lero, inagonera panjira chifukwa chipale chofewa chatseka njira ya kuphiri. Ndaiwerenga ndili chiimire ndipo ndatsala pang'ono kuswa zenera.

Ndinali nditamanga kale katundu. Kalonga analandira alendo a kwa apongozi ake, n'kufuna awaonetse kwaya yake tsiku ndi tsiku mpaka Chaka Chatsopano. Ndinakagwada kwa mkulu wa panyumba pake, ndinati mayi anga akufa. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kavalo wake, n'kunena kuti amayi a anthu amafa chaka chonse koma Khirisimasi imabwera kamodzi. Anauza alonda a pachipata kuti ndikangotuluka andibweze. Ndiye ndili pano, ndikuimbitsa nyimbo zachimwemwe kwa anthu amene akutafuna nyama ya nguluwe osamvetsera n'komwe.

Munanena zoona, ndikanatumiza onse anayi. Nali pepalalo, ndapatsa wamchere, walonjeza kudzera njira ya kuchigwa. Kilian aimbe, koma mumuuze ayambe motsitsa, ngati akulankhula ndi munthu wodwala. Ndipo muwauze Amayi adikire. Chonde, Achemwali, adikire.

Valentin


Dornbrunn, 14 Januwale 1652

Valentin,

Moni. Amayi anamwalira Khirisimasi isanafike. Pepala lako lafika dzana, wamchere ali ndi chala chimodzi chakuda ndi chisanu. Linapeza manda atakwiririka kale ndi chipale.

Khala pansi umve zonse, chifukwa sindidzazinenanso.

Lachisanu lina masana anandiitana. Mawu anali atatsala pang'ono. Anati, "Ottilia, ukundibisira nyimbo ija. Jobst amaiimba mluzu akamadutsa pazenera. Itanani anthuwo." Ndinati tidikire Valentin. Anati, "Ndadikira zambiri pamoyo wanga, izi zokha ayi."

Anabwera atatu onse. Kilian analibe choimba, anangoima pakhomo chipewa chili m'manja. Tinayamba. Funso loyamba litatha tinafika pa zopumira zako zija, ndipo tinaziwerenga monga unanenera, aphunzitsi akugwedeza chala. Besi kulibe, limba kulibe. M'chipinda munangomveka nkhuni zikuthetheka m'mbaula ndi kupuma kwa Amayi. Sindinadziwe kuti unaziika zazitali choncho. Funso lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu ndinakuwadi, pa "asanu" paja mawu anga ndi a aphunzitsi anakhulana mpaka tsitsi kuima, kenako zii. Jobst anagwetsa pepala. Kilian, chimunthu chonse chija, anatembenukira kuchitseko mapewa akugwedezeka.

Amayi anatsegula maso. Anayang'ana kudenga nthawi yonse ya zopumirazo, ngati munthu amene wagogoda ndipo akumvetsera ngati kukubwera mapazi. Titamaliza anaseka. Valentin, anaseka! Ine kuseka kwawo ndinakumva komaliza Endres asanabadwe. Anati, "Ehee! Ndi mmene zinalili. Ndendende. Umafunsa, kenako zii." Anatiuza tiimbenso, tinaimbanso. Atatero anandigwira mkono n'kunena kuti, "Abusa andinamiza, anansi andinamiza, iwenso umandinamiza kuti ndichira. Ukamuuze Valentin kuti mwa anthu onse ndi iye yekha amene sanandinamize. Wasiya malo a Mulungu opanda kanthu, kuti akayankhe yekha ndikafika."

Kalata yako inali m'thumba la chovala changa. Ndinkadziwa liwu lililonse limene linayenera kukhala m'malo opanda kanthuwo. Kilian anandiyang'ana, aphunzitsi anandiyang'ana. Ndinatseka pakamwa, ndipo sindikupepesa. Unandiuza wekha kuti ndisawauze.

Amayi anapita Lamlungu m'mawa, nkhope ili yosalala ngati ya mtsikana. Anasiya lamulo lakuti pamaliro iimbidwe monga anaimvera. Abusa anavuta, anati nyimbo yotere siilowa m'tchalitchi, ndiponso mkazi saima pakhonde la oimba. Ndinati chabwino, tikaimbira kumanda, kumeneko kulibe khonde. Belu analiza, usade nkhawa, Kilian anakagwira chingwe yekha ndipo palibe anayerekeza kumuletsa. Mudzi wonse unali pamenepo, aliyense ali ndi ake m'nthaka imeneyo. Pa zopumira zija palibe anatsokomola. Abusa anatsegula pakamwa kuti aikepo vesi, mkazi wa Jobst anawagwira mkanjo, anatsekanso.

Dzulo ndinawerenga pepala lako la besi. Ndinaliimba motsitsa ndili ndekha kukhola kumene kunali bokosi. Ndi labwino, Valentin. Pamene pakuti "m'dzenje ndinalimo" umatsika mpaka pansi penipeni, pansi pa Jobst wokumba uja, ndinangokhala pansi pa udzu. N'chifukwa chake ndakukwiyira kuposa kale. Likanakhala loipa ndikanayatsira mbaula n'kugona tulo. Tsopano sindikudziwa ngati ndinawapatsa Amayi chimene ankafuna kapena ndinawamana chimene ankasowa, ndipo funso limenelo wandisiyira ndiwe, chifukwa unaona kuti Kilian sakuyenera.

Ndikukubwezera pepalalo. Silikhala m'nyumba muno. Chipale chikasungunuka, kalonga wako akakhuta nyimbo, ubwere nalo wekha monga unalonjezera. Ife atatu sitidzakuthandiza, mbali yathu tinaimba kale. Udzaime pamanda pawo, udzaimbe yankho lako lonse, pakamwa pako monga unkafunira. Ukadzamaliza udzakhale chete, udikire ngati akuyankhe.

Ndine mlongo wako, amene watsala,
Ottilia